Nyimbo za maluwa a sakura: Sakura Sakura, Hana kapena Kōjō no Tsuki?

Mukalemba mawu oti sakura pa YouTube, zimabwera nyimbo zosawerengeka. Zithunzi zake n'zofanana: maluwa otuwira mofiirira pang'ono, kumbuyo kuli phiri la Fuji, pansi atalemba kuti nyimbo zamakedzana za ku Japan. Ine ndinamvera zambiri ndisanazindikire kuti zitatu ndizo zimabwerezedwa kwambiri, ndipo zitatuzo sizifanana n'komwe. Zimasiyana zaka, zoimbira, ndi zimene zimakusiyira mumtima.

Sakura ndi mtengo wa m'gulu la matcheri, koma Ajapani amaudzala chifukwa cha maluwa, osati zipatso. Ku Tokyo umachita maluwa kumapeto kwa Malichi mpaka kumayambiriro kwa Epulo, chisanu chikangotha. Maluwawo sakhalitsa. Sabata imodzi kapena ziwiri, mphepo ikawomba, ayoyoka onse. M'masiku ochepawo anthu amayala zokhalira pansi pa mitengo, kudya, kumwa ndi kucheza, mwambo umene amautcha hanami. Nyimbo zitatuzi zikuimba za masiku amenewa, koma iliyonse yaima pamalo pake.

Sakura Sakura ndiyo yodziwika kuposa zonse, ndipo pa zitatuzi ndi yokhayo imene woipeka wake sadziwika. Inasindikizidwa mu 1888 m'buku la nyimbo zophunzirira koto la sukulu ya zoimbaimba ya ku Tokyo. Koto ndi choimbira chachitali pafupifupi mamita awiri, cha zingwe 13, chimene amachigoneka pansi n'kumachikhwacha ndi zikhadabo zovala ku zala zitatu. Amene anamvapo bangwe atha kuganizira pang'ono, ngakhale koto ndi yaikulu ndipo mawu ake amatenga nthawi kuti azilale. Nyimboyi imayenda pa manotsi asanu okha, ena oyandikana kwambiri moti khutu losazolowera limayamba laganiza kuti woimbayo waphonya. Kuyandikanako ndiko kumaichititsa kumveka yachisoni ngakhale mawu ake si achisoni ayi. Mawu akalewo akunena za thambo la mwezi wachitatu, maluwa ofika pamene maso alekezera, osadziwika ngati ndi nkhungu kapena mitambo, kenako akuitana mnzawo kuti tiyeni tikaone. Mu 1941 unduna wa maphunziro unaika mawu ena m'mabuku a ana asukulu, onena za mapiri ndi midzi ndi dzuwa la m'mawa, choncho musadabwe mukapeza oimba awiri akutchula zosiyana pa nyimbo imodzi.

Vuto la Sakura Sakura ndi kufupika. Ikamayamba kukoma, yatha. N'chifukwa chake ambiri amene amaiika pa intaneti amaikulunga ndi phokoso la madzi, kulira kwa mbalame ndi kiyibodi, n'kuibwereza ola lathunthu. Zimenezo ndimazidumpha, chifukwa zimakwirira chinthu chokoma kwambiri pa koto: kamphindi kachete kamene kamatsala chingwe chikakhwachidwa, woimba n'kuchikanikiza ndi dzanja lamanzere kuti notsi ikwere pang'ono isanafe. Ndi mahedifoni mumamva ngakhale kukwecha kwa chikhadabo pa chingwe. Ngati mukufuna yaitali, funani imene anaikonza Michio Miyagi mu 1923, yotchedwa Sakura Hensōkyoku. Miyagi anachita khungu ali mwana, anakula n'kukhala katswiri wa koto, ndipo ndiye anayambitsa koto ya zingwe 17 ya mawu a besi. Anatenga kanyimbo kakafupi kaja n'kumakabwereza mosinthasintha, pena mofatsa, pena zala zikuthamanga ngati matalala padenga, besi ikugunda pansi. Alinso Giacomo Puccini, wopeka nyimbo wa ku Italy, amene anabwereka kachidutswa kake mu opera ya Madama Butterfly ya 1904, koma kumeneko kamangodutsa.

Hana ndi nkhani ina. Dzinalo likutanthauza duwa, ndipo mu ndakatulo za ku Japan munthu akangoti duwa osatchula mtundu, kawirikawiri akunena sakura. Anaipeka Rentarō Taki mu 1900, mawu ake analemba Hagoromo Takeshima, ndipo ndi gawo loyamba la nyimbo zinayi za nyengo za pachaka. Ikunena za mtsinje wa Sumida ku Tokyo: mabwato akukwera ndi kutsika, madontho a madzi akugwa ku nkhafi ngati maluwa, mitengo ya sakura m'mawa kuli mame, mwezi wophimbika pang'ono madzulo. Koma mukaitchera khutu mudzamva kuti yamangidwa ngati nyimbo za ku Ulaya. Pali piyano, pali magulu awiri a mawu, apamwamba ndi apansi, akuyenda limodzi, ndipo kayendedwe kake n'kodumphadumpha mosangalala. Taki anali m'gulu loyamba la Ajapani ophunzira zoimba za Azungu, ndipo apa ankaonetsa kuti Chijapani chitha kuimbidwa mwanjira imeneyo.

Amene munaimbapo m'kwaya, Hana idzakulowani msanga kuposa zinazi. Pa kumva kwachiwiri mudzakhala mwayamba kale kutsatira alito. Imakoma kwambiri ikaimbidwa ndi kwaya ya ana kapena ya amayi. Munthu mmodzi akaiimba yekha imachepa mphamvu, chifukwa kukoma kwake kuli pamene mawu awiri aja akusiyana n'kukumananso. Ndi nyimbo ya m'mawa, ya pogwira ntchito, mawindo ali otsegula. Kungoti amene akufuna kumva Japan wa zingwe ndi nsungwi sadzamupeza muno.

Yachitatu ndiyo ndimabwererako kawirikawiri, ngakhale ena anganene kuti si nyimbo ya maluwa kwenikweni. Kōjō no Tsuki, kutanthauza mwezi pamwamba pa bwinja la linga, anaipekanso Taki yemweyo, inatuluka mu 1901, mawu ake ndi a mlakatuli Bansui Doi. Imayamba ndi phwando la maluwa m'nyumba yosanja ya mfumu yankhondo, chikho cha mowa chikuzungulira, mwezi ukuwala kudutsa m'nthambi za paini. Kenako ikufunsa kuti kuwala kwakale kuja kuli kuti. Mavesi otsatirawo maluwa mulibenso: muli chisanu, atsekwe akuuluka, mpanda womera ziyangoyango, ndi mwezi umene sunasinthe. Taki anakhalako ali mwana ku Taketa m'chigawo cha Ōita, kumene kuli bwinja la linga la Oka, ndipo lero chiboliboli chake chili pomwepo. Chaka chimene nyimboyi inatuluka anapita kukaphunzira ku Leipzig ku Germany, anadwala chifuwa chachikulu, anabwerera kwawo, n'kumwalira mu 1903 ali ndi zaka 23. Ndikaimva ndimalephera kuiwala zimenezi. Mnyamata wa zaka zongopitirira 20 anapeka nyimbo ya nkhalamba yoyang'ana m'mbuyo, iye osadzafika ukalambawo.

Nayonso ili mitundu iwiri. Taki anailemba yopanda choimbira chilichonse. Mu 1917 Kōsaku Yamada anawonjezera piyano, anaichedwetsa, ndipo anasintha notsi imodzi mu mzere woyamba, imene Taki anaikweza pang'ono. Yambiri imene mudzaipeze ndi ya Yamada. Ine ndimakonda ya Taki. Kanotsi kokwera kaja kamabaya ngati munga, ndipo kakachoka nyimbo imasalala mopitirira. Yoimbidwa ndi shakuhachi, chitoliro cha nsungwi cha mabowo asanu, imafika patali kwambiri, chifukwa mumamva mpweya wa woimbayo ukutuluka limodzi ndi notsi. Nyimboyi inawolokanso nyanja: woimba piyano wa ku America Thelonious Monk anaijambula mwa jazi, ndipo gulu la ku Germany la Scorpions linaiimba ku Tokyo mu 1978, anthu akuimba nawo.

Ikadakhala mpikisano wa imene ikuonetsa hanami mmene imakhalira, zitatu zonsezi zikanagonja kwa Genroku Hanami Odori ya 1878, nyimbo yovinira ya m'zisudzo za kabuki, ya shamisen (choimbira cha zingwe zitatu), ng'oma ndi zitoliro, yosimba za khamu lovala mochititsa kaso likusangalala pansi pa mitengo. Koma kaimbidwe ka mawu ake, kofinya pakhosi ndi kokoka, kamafuna kuzolowera, ndipo sindingamuyambitsire pamenepo munthu watsopano.

Woyamba kumene ayambe ndi Sakura Sakura ya koto imodzi yopanda zokometsera, mphindi ziwiri zokha, kenako ya Miyagi. Hana muisungire tsiku limene muli ndi anzanu okonda kuimba, mugawane mawu. Kōjō no Tsuki imafuna usiku, nyumba itakhala zii, foni ili chafufumimba patebulo. Posaka lembani dzina lake pamodzi ndi mawu oti shakuhachi, ndipo musankhe imene pachithunzi pali munthu mmodzi yekha atagwira nsungwi yake.