Etymonline ndi mbiri ya mawu akuti "chemist"

Etymonline, imene dzina lake lonse ndi Online Etymology Dictionary, ndi dikishonale ya pa intaneti yofotokoza kumene mawu a Chingelezi anachokera, ndipo anaiyambitsa ndi Douglas Harper wa ku Pennsylvania, m'dziko la America, mu 2001. Kuigwiritsa ntchito n'kwaulere, ngakhale kuti pamasamba ake pamatuluka zotsatsa malonda. Ndasankha kuiyesa ndi mawu akuti "chemist" chifukwa mawuwa amasokoneza anthu ambiri. Mwana wa ku sekondale akawamva amaganiza za katswiri wa kemisitiri amene amagwira ntchito mu labotale, pamene m'bale wathu wokhala ku Joni kapena ku Britain akanena kuti akupita ku "chemist" amakhala akunena za famasi, kumene akukagula mankhwala a chimfine.

Munthu akalemba mawuwa pabokosi lofufuzira, amapatsidwa ndime imodzi yaifupi, koma yodzaza bwino. Ndimeyo ikusonyeza kuti mawuwa anayamba kupezeka m'zolemba za Chingelezi m'zaka za m'ma 1560, akulembedwa kuti "chymist", ndipo nthawi imeneyo ankatanthauza munthu wochita alikemi, luso lakale la anthu amene ankayesa kusandutsa zitsulo wamba monga mtovu kuti zikhale golide. Angelezi anawatenga ku Chifalansa, "chimiste", ndipo Afalansa anawatenga ku Chilatini, "chimista", amene ndi mawu akuti "alchimista" odulidwa mutu. Tanthauzo la katswiri wa sayansi linabwera m'zaka za m'ma 1620, ndipo la wogulitsa mankhwala linadza pambuyo pake, m'zaka za m'ma 1700, makamaka m'Chingelezi cha ku Britain. Apa ndi pamene ubwino wa dikishonaleyi ukuonekera, chifukwa tanthauzo lililonse laikidwa pamodzi ndi nthawi yake, moti wowerenga amadzionera yekha kuti wa mu labotale ndi wa mu famasi ndi ana a nyumba imodzi, ndipo wa mu famasiyo ndiye wamng'ono.

Chimene chandikhutiritsa kwambiri chili pa mawu akuti "alchemy" (alikemi), amene munthu amawapeza pongodina ulalo wa m'ndime yoyamba ija. Mawuwa anachokera ku Chiarabu, "al-kimiya", ndipo "al" wa kumayambiriroyo ndi kachidutswa kamene Aarabu amaika patsogolo pa dzina, komwenso timakapeza m'mawu akuti "algebra" ndi "alkali". Aarabuwo anawatenga ku Chigiriki, ndipo kuyambira pamenepa akatswiri a zinenero sagwirizana. Ena amati gwero lake ndi Khemia, dzina lakale la dziko la Iguputo lotanthauza dziko la dothi lakuda, ponena za matope achonde amene mtsinje wa Nile unkasiya ukasefukira, dothi lofanana ndi makande a ku Chigwa cha Shire. Ena amati gwero lake ndi mneni wa Chigiriki wotanthauza kuthira, popeza ntchitoyi inali yosungunula zitsulo ndi kufinya madzi a zomera. Etymonline yapereka maganizo awiri onsewa ndipo yanena poyera kuti nkhaniyi sinathe. Ine monga munthu wa mu Africa mtima wanga umakokera ku Iguputo, ndipo n'chifukwa chake ndikuyamikira kuti mlembi sanandisangalatse ndi yankho limene umboni wake ndi wosakwanira. Masiku ano pa Facebook pamayenda nkhani zambiri zokoma zonena za magwero a mawu zimene zilibe maziko, choncho malo amene amasiyanitsa chodziwika ndi chongoganiziridwa ndi ofunika kuwasamala.

Pali zinthu zina zimene wowerenga ayenera kudziwiratu. Zaka zimene zalembedwazo ndi za pamene mawu anapezeka koyamba m'zolemba zimene zinasungika, kutanthauza kuti anthu angakhale atawayankhula kwa nthawi ndithu asanalembedwe. Kalembedwe kake ndi kothinana ndipo kali ndi zidule zambiri: "c." kutsogolo kwa chaka akutanthauza kuti chakacho n'chongoyerekeza, "PIE" ndi chinenero chakale kwambiri chimene Chingelezi, Chigiriki ndi Chilatini zinachokerako, ndipo kanyenyezi kutsogolo kwa mawu, monga *gheu-, kakusonyeza kuti mawuwo sanapezeke atalembedwa paliponse, koma akatswiri anachita kuwalumikiza poyerekeza zinenero. Wophunzira wa Fomu 2 afunika mphunzitsi pambali pake kuti amvetse zimenezi.

Ndimezo ndi zazifupi dala, kotero mbiri ya anthu amene anasintha tanthauzo la mawuwa muyenera kukaifuna kwina. Mwachitsanzo, katswiri wa sayansi Robert Boyle anasindikiza The Sceptical Chymist mu 1661, buku lotsutsa ziphunzitso zakale zonena za zimene zinthu zinapangidwa nazo, ndipo mutu wakewo ukusonyeza kalembedwe ka "y" kamene kanali kofala nthawiyo. Ku Britain, lamulo la Pharmacy Act la 1868 linakhazikitsa kaundula wa anthu otchedwa "chemist and druggist", ndipo sitolo za mankhwala za Boots, zimene zinayambira ku Nottingham mu 1849, zinadziwika kwa zaka zambiri ndi dzina lakuti Boots the Chemists. Anthu a ku America sanatsatire njira imeneyi, iwo amati "pharmacist" ndi "drugstore".

Aphunzitsi a kemisitiri ndi a Chingelezi, atolankhani komanso omasulira nkhani apindula nayo dikishonaleyi, ndipo popeza zambiri ndi zolemba zokhazokha, imawerengeka bwino pa foni. Amene akungofuna tanthauzo la lero la mawu ndi kagwiritsidwe ntchito kake m'chiganizo achita bwino kukhala ndi dikishonale wamba pambali, chifukwa imeneyo si ntchito imene Etymonline inapangidwira.