Anandichotsa pa seva osandiimbira n'komwe

Tili ndi shopu ya zipangizo zaulimi pa boma la Ntcheu ndi ina pa Lizulu, ndipo mabuku athu a ndalama amakhala pa seva (kompyuta yaikulu yosungira zinthu) ya kampani ina ya ku Lilongwe, yomwe timalipira K90,000 pamwezi. Timalowamo anthu anayi kudzera pa Remote Desktop, pulogalamu yogwiritsira ntchito kompyuta yomwe ili kutali. Miyezi yoyambirira sindinadandaule kanthu.

Zomwe zandikwiyitsa zinachitika Lachinayi, kumapeto kwa mwezi. Kuyambira m'mawa ndinkalowetsa malisiti a feteleza ndi mbewu ochokera ku Lizulu, ndisanawasunge poti ndinkadikira kuti ndiwafananize ndi buku la sitoko. Cha m'ma 3 koloko magetsi anathima, rauta n'kuzima. Sindinade nkhawa. Ndikudziwa kuti netiweki ikaduka, zomwe watsegula zimakhalabe pa seva, ukalowanso umazipeza pomwe unazisiya.

Nthawi yomweyo abwana anali ku Dedza, akulowa pa laputopu yawo, n'kuona kuti seva ikuchedwa. Anaimbira a kampaniyo. Mnyamata amene anayankha anayang'ana mndandanda wa olowa, anaona dzina langa lalembedwa Disc, kusonyeza kuti kulumikizana kwaduka, basi n'kundichita logoff, kunditulutsiratu. Nambala yanga ali nayo. Kundiimbira kukanamutengera mphindi imodzi. Magetsi atayaka ndinapeza pulogalamu yatsekedwa, ntchito ya tsiku lonse palibe. Nditamufunsa anandiyankha kuti, "Mayi, inuyo munali mutachoka kale." Ndinali ndisanachoke, ndinali pampando womwewu ndi malisiti m'manja! Mawu oti pepani sanatuluke. Ndinaweruka usiku, ndikubwereza zonse.

M'mawa mwake anandiimbira mtsikana wina wa kampani yomweyo, ndipo uyu ndiye wandibweza mtima, chifukwa ndinali nditawauza kale abwana kuti tisamuke. Anandiuza kuti ndilembe lamulo loti quser pa Command Prompt, polembera malamulo a kompyuta, ndipo ndinaona ndekha aliyense amene walowa, nambala yake ya ID, kaya ndi Active kapena Disc, ndi nthawi yomwe wakhala osagwira kanthu. Anandifotokozera kuti Disc sikutanthauza kuti munthu wamaliza, koma kuti kulumikizana kwaduka mapulogalamu ake akugwirabe. Logoff ndiye imatseka zonse, zosasungidwa n'kutayika. Anandiuzanso kuti kudina X pamwamba pa Remote Desktop paja si kutuluka, kutuluka kwenikweni ndi Sign out. Ifeyo tonse anayi tinkangodina X, n'chifukwa chake memori inkadzaza. Zimenezi palibe anatiuzapo pomwe tinkalembetsa.

Pamndandanda womwewo tinapezanso dzina la munthu amene anasiya ntchito kwathu miyezi iwiri yapitayo, akaunti yake ikadali yotsegula. Apa ndinachita mantha, poti m'menemo muli ngongole za alimi onse omwe timawakongoza. Anaitseka pompo. Tinagwirizana kuti seva izichotsa yokha munthu akakhala Disc kupitirira maola 12, ndipo aliyense asanachotsedwe masana aziyamba amuimbira, kapena kumutumizira uthenga pa kompyuta ndi lamulo la msg ngati ali Active.

Ndikupereka nyenyezi zitatu, ndipo ziwiri ndi za mtsikanayo. Seva payokha ikuyenda bwino tsopano, ngakhale netiweki ya pa Lizulu ikagwa. Ndapempha kuti mnyamata uja asamagwirenso za shopu yathu, yankho lake sindinalandirebe.