Ndemanga: kapulayala ka Knipex Cobra XS pokonza njinga kutchire

Kwa inu amene mumapalasa njinga m'tinjira ta m'tchire kuno ku Harare, kapulayala aka n'kofunika kukhala nako, ngakhale mtengo wake umaluma. Ndi Knipex Cobra XS, nambala 87 00 100, kopangidwa ku Wuppertal m'dziko la Germany. N'kotalika mamilimita 100 ndipo kamalemera magalamu 62 okha, moti kakalowa m'kachikwama ka pansi pa chishalo limodzi ndi chubu ndimachita kuiwala kuti kalimo. Kanga anandibweretsera ndi alamu anga amene amapitapita ku Johannesburg.

Ambirife timanyamula multi-tool ya ma Allen key n'kumati zida zakwana. Komatu chida chimenechi ntchito yake ndi kumanga ndi kumasula mabawuti basi. Zoti chigwire chinthu mwamphamvu, chikoke, kapena chiwongole chopindika, iwalani. Nazo zala zikadzaza thukuta ndi fumbi zimangoterera.

Pamene ndinakaonera ubwino ndi pa valavu. Tsiku lina pa matanthwe a ku Domboshava mwala unang'amba tayala la kumbuyo cham'mbali. Matayala anga ndi a tubeless, opanda chubu m'kati, koma chibowo chinakula kwambiri moti sealant, madzi omata zibowo amene timathira m'tayala, ankangotuluka ngati mkaka wotayika. Zikatero palibenso kuchitira mwina koma kuika chubu, ndipo chubu sichingalowe valavu yakale isanachoke. Kanati kopyapyala kamene kamamanga valavu ya Presta (mtundu wa valavu yowonda) ku limu kanali katauma gwa ndi sealant wakalekale. Mnzanga wina anayesa ndi zala, kenako ndi nsalu, mpaka chikhadabo kuthyoka. Ine ndinangokanikiza valavu ndi chala chachikulu cham'kati mwa limu, n'kulumitsa kapulayala pa kanatiko, kupotokola pang'ono, basi kanamasuka. Kukamwa kwake n'kopyapyala, ndiye kamalowa bwino pakati pa masipoko osakanda limu.

Chachiwiri ndi minga. Tayala la tubeless limabisa zambiri: munga ukalasa, sealant amatseka, inu n'kumapitiriza ulendo osadziwa kanthu. Ndiye pofika Okutobala, tchire litauma, m'tayala mumakhala timinga tothyokera momwemo. Mukaika chubu musanatizule, simufika ndi patali pomwe, chaphwa. Ndimayendetsa chala pang'onopang'ono m'kati mwa tayala, pamene pandibaya ndikankhe kamungako mpaka katulukire, kenako kapulayala kazule. Mano ake amagwira ngakhale kansonga kongosuzumira.

Zina n'zing'onozing'ono. Kamagwira waya wa magiya pamene dzanja linalo likumanga bawuti ya pa derailleur, kachida kosuntha tcheni posintha magiya. Quick link, mfundo yolumikizira tcheni, imatsekuka mukaipana mopingasa, ngakhale pamafunika kuleza mtima chifukwa kamapulumuka. Kusintha kukula kwa kukamwa n'kosavuta: palibe batani lodina monga pa Cobra zikuluzikulu, mumangokankha ndi dzanja limodzi mpaka kakwane pa chinthucho, ndipo pali malo 11 oimitsapo.

Koma musakayese sipanala. Kamatha kuyasama mpaka pa nati ya mamilimita 24, inde, koma zogwirira zake n'zazifupi ndiponso zachitsulo chokhachokha, zopanda labala. Nati yomangidwa mwamphamvu ya pa ekiselo imakupwetekani chikhatho isanasunthe n'komwe. Mano akenso ndi olimba kwambiri, ndiye pa aluminiyamu amasiya zipsera. Ofuna kuwongola disiki ya buleki yopindika ayambe akuta ndi kansalu koyera, kopanda mafuta, apo ayi mwakanda pamene buleki imagwira. Pa ntchito imeneyo mbale wake wa kukamwa kosalala, Pliers Wrench XS 86 04 100, ndiye woyenera, koma iyeyo pozula minga sangafanane ndi Cobra. Ine ndinasankha wamano chifukwa kuno minga ndiyo imatisowetsa mtendere kuposa madisiki.

Dziwaninso kuti kalibe podulira. Cable tie (kalamba kapulasitiki komangira) kapena waya wosomphoka sikangadule, choncho kampeni sikachoka m'thumba mwanga.

Bambo wina amene timapalasa naye ku Mukuvisi Woodlands anandiseka kuti, “Achimwene, ndalama imeneyo ku Siyaso mukanagula mapulayala odzaza thumba.” Sananame ayi, ndipo pakhomo ndimagwiritsa pulayala yaikulu ya ku msika wa Siyaso ku Mbare komweko. Kungoti yaikuluyo ndinkaisiya kunyumba ulendo uliwonse chifukwa cholemera komanso kuboola chikwama. Ngati njinga yanu ndi ya machubu ndipo mumangozungulira m'misewu ya phula pakati pa Highfield ndi m'tauni, ndalama yanu sungani, okonza njinga ali ponseponse. Koma ngati muli pa tubeless ndipo mumafika kumene kombi sifika, gulani. Nyengo ya mvula muzikapukuta mukabwerako n'kudontheza kadontho ka mafuta a tcheni polumikizira, ndipo muzikakulunga m'sokosi yakale kuti mano ake asakhule chubu chimene kagona nacho m'chikwama.