Makadi ndi mavidiyo ophunzitsira handball: mmene andithandizira pa bwalo lathu lafumbi

Ndikuwapatsa nyenyezi 4 mwa 5. Imodzi ndachotsayo ndi chifukwa choti amene anakonza zinthuzi ankaganizira ana osewerera m'holo yofolera bwino, pansi posalala, mipira ili mbwee. Ife zathu si zimenezo. Komabe kwa mphunzitsi mnzanga amene mwangopatsidwa timu ya handball pasukulu popanda woti n'kumufunsa nzeru, ndikuti gulani ngati thumba likulola.

Ndimaphunzitsa pa sekondale ina yoyendera, ndipo tikaweruka ndimakhala ku bwalo ndi atsikana a Fomu 1 ndi Fomu 2. Chomwe ndinagula ndi bokosi la makadi okutidwa ndi pulasitiki, kutsogolo kwa khadi lililonse kuli chithunzi cha bwalo ndi mivi yosonyeza koyenda osewera, kumbuyo kuli malangizo. Pamwamba pa apo amakupatsani chilolezo choonera pa intaneti mavidiyo afupiafupi a ana akuchita zomwe zili pa khadipo. Ogulitsa ndi kampani ina yaing'ono ya ku Ulaya. Anandilipirira ndi achimwene anga amene amakhala ku Britain, poti za ndalama zakunja mukuzidziwa nokha, ndipo bokosilo linabwera ndi munthu amene ankabwera kumudzi. Pulasitikiyo ndi yolimba ndithu. Makadi agwerapo m'matope, apondedwapo, koma ukapukuta ndi kansalu amawerengeka bwinobwino.

Vuto lalikulu lomwe ndinali nalo ndi lomwe aliyense wophunzitsa atsikana kuno akumana nalo: onse anakulira mu ntchemberembaye. Manja awo ndi abwino, kuwakha mpira amatha, maso ali tcheru, koma mwendo unaphunzira kale kuti mpira ukafika m'manja, ima nji. Mu handball wosewera amaloledwa kuponda katatu mpira uli m'manja, akhoza kuudunditsa pansi akuthamanga, akaugwiranso n'kupondanso katatu, bola asaugwire masekondi opitirira atatu. Kuwauza pakamwa amamva, koma mpira ukangobwera thupi limachita zomwe linazolowera. Apa ndi pomwe makadiwa anandigwira mtima, chifukwa gawo loyamba lonse ndi la kulandira mpira uli pa liwiro.

Pali khadi lina lomwe limati muike mikombero itatu pansi, motsogozana, kulunjika ku mzere womwe uli mamita 9 kuchokera pa golo. Ife tinaika matayala akutha a njinga. Wosewera amathamanga, mnzake amamuponyera mpira asanafike pa tayala loyamba, ndiye iye aponde m'matayalamo: kwa wogwiritsa dzanja lamanja, phazi lamanzere, lamanja, lamanzere, kenako adumphe ndi lamanzere lomwelo, chigongono chili m'mwamba, aponye. Ndili ndi mtsikana wina wamtali, yemwe mu ntchemberembaye ndiye ankamwetsa zigoli. Poyamba ankati akawakha mpira, miyendo yonse iwiri inkamera mizu pa tayala loyamba, mpira n'kuukwezera pamutu ndi manja awiri ngati akufuna mkombero wa pamtengo. Anzake anayamba kumuwerengera mokweza, “manzere, manja, manzere, dumpha!” akuwomba m'manja, mpaka kuwerengako kunasanduka kanyimbo. Tsiku lomwe anadutsa matayala onse osaganiza, n'kuuluka kulowa m'dera la goloboyi mpira utachoka kale m'manja, bwalo lonse linakuwa. Iye anatembenuka kundifunsa ngati sanalakwe potera mkati mwa mzere wa mamita 6, womwe ndi malire a dera la goloboyi. Sanalakwe. Lamulo limalola kutera m'menemo bola mpira wauponya usanaponde pansi, ndipo khadilo linalemba zimenezi m'munsi mwake, pamalo pomwe mphunzitsi akuzifuna.

Koma chomwe ndimawakondera kwenikweni makadiwa si mapazi ayi. Ndi choti amaphunzitsa mwana kuona ndi kusankha yekha. Ambirife tinaphunzitsidwa masewera poima pa mzere, kuponyerana awiriawiri mpaka dzuwa kulowa, kochi akukalipa kumbali. Apa zambiri ndi timasewero ta anthu awiri kulimbana ndi mmodzi, kenako atatu kulimbana ndi awiri. Wa mpira athamangire pa mpata, osati pa munthu. Wotchinga akamutsata, apatsire mnzake amene watsala yekha. Wotchinga akakakamira kwa mnzakeyo, iye alowe n'kuponya. Nkhani yake ndi yomweyo basi, koma handball yonse yagona pamenepo, chifukwa ngakhale matimu akuluakulu akamazungulitsa mpira kutsogolo kwa otchinga amakhala akusaka kamphindi komwe awiri atsale ndi mmodzi. Kumbuyo kwa khadi kuli mafunso oti mphunzitsi afunse m'malo mokalipa: unaona chiyani, wotchinga anali kuti, ukanatani? Masiku oyamba atsikana ankangoyang'ana pansi, poti mwana wa kwathu sanazolowere kufunsidwa maganizo ndi aphunzitsi pa bwalo. Pano amayankha, ena mpaka kutsutsana okhaokha, “iwe ukanandipatsa, ndinali ndekha ku phiko!” Ndikamva zimenezo mtima wanga umakhala m'malo, chifukwa ndiye kuti akuliona bwalo.

Khadi lililonse lilinso ndi njira yofewetsera ndi yolimbitsira sewerolo. Kwa ine amene m'gulu limodzi muli mwana woti wayamba dzulo ndi wina woti wasewera chaka chathunthu, zimenezi n'zofunika kwambiri.

Pa nkhani yotchinga, makadiwa ali ndi mfundo yomwe poyamba ambiri angaikane. Akuti ana asayambe ndi kuima onse asanu ndi mmodzi pa mzere wa mamita 6, njira ija amati 6-0, ngakhale kuti ndi yosavuta kuphunzitsa ndipo imapambanitsa masewero a ana, popeza ana alibe mphamvu zoponyera patali. M'malo mwake aliyense agwire munthu wake bwalo lonse, athamange naye, aphunzire kulanda mpira. Ku Germany matimu a ana aang'ono amachita kulamulidwa kutchinga motere. Njira zina zoimira otchinga, za 5-1 ndi 3-2-1, zimabwera m'makadi a kumapeto, za okulirapo. Ine ndikugwirizana nazo ndi mtima wonse. Mwana amene wangoima pa mzere manja ali m'mwamba saphunzira kanthu, ndipo akadzakumana ndi oponya mwamphamvu adzasowa pogwira. Kwa atsikana a ntchemberembaye palinso china: kumeneko wotchinga amaima patali pafupifupi mita imodzi ndipo kukhudzana n'kulakwa, pomwe mu handball umaloledwa kumutsekera njira mnzako ndi chifuwa, uli kutsogolo kwake, manja opinda. Kumukankha, kumukoka kapena kumugwira kuchokera kumbuyo ndiye kukhoza kukutulutsitsa mphindi ziwiri. Makadi atatu kapena anayi a kukankhana mapewa ndi kutsekerana njira popanda mpira anachotsa manyazi amenewo, ndipo atsikana amawakonda chifukwa mumakhala kuseka kwambiri.

Tsopano zomwe sizinandisangalatse.

Choyamba, masewero ambiri otenthetsa thupi amati mwana aliyense akhale ndi mpira wake. Mipira yathu ndi yowerengeka ndi zala za dzanja limodzi. Mukatsatira khadi mmene lilili, ana ambiri amangoima pa mzere kudikira, ndiye phindu lonse latha. Ndimawagawa m'magulu, ena ali ndi mpira, ena akuchita za mapazi kapena kutchinga, n'kumasinthana ndikaimba wezulo. Zimatheka, koma nzeru imeneyi muipeze nokha, m'bokosimo mulibe.

Chachiwiri ndi bwalo. Zithunzi zonse ndi za bwalo lathunthu la mamita 40 m'litali ndi 20 m'lifupi, golo ya mamita 3 m'lifupi ndi 2 kutalika. Ife timabwereka bwalo la ntchemberembaye, lomwe ndi mamita 30.5 kwa 15.25, mizere timathira phulusa kapena laimu. Mwayi wake, makadi a handball ya ana, ya osewera anayi ndi goloboyi pa bwalo la mamita 20 kwa 13, amakwana bwino m'menemo, ndipo ndi omwe ndimagwiritsa ntchito kwambiri. Koma makadi ophunzitsa kuponya ukugwa, kwa osewera a ku phiko ndi amene amaima pakati pa otchinga, musawayese pa nthaka ya miyala kapena pa simenti. Mu vidiyo ana amagwa n'kutsetsereka pa matabwa osalala. Kwathu kuno ndi zigongono ndi mawondo osupuka, ndipo mawa lake kholo lili pa ofesi ya ahedi. Ife timakachitira pa mchenga wa odumpha kapena pa kapinga mvula ikagwa. Pa khadipo panayenera kukhala chenjezo.

Phula lomwe osewera akuluakulu amapaka m'manja kuti mpira ugwirike ndi nkhani inanso. Makadi ena a kupusitsa wotchinga ndi dzanja limodzi amaoneka kuti anajambulidwa ndi mpira wa phula. Pa fumbi phula silingagwire ntchito, mpira ungangosanduka chibuma. Malamulo amati atsikana opitirira zaka 14 asewere ndi saizi 2, wozungulira masentimita 54 mpaka 56, koma dzanja la mwana wa Fomu 1 silingaugwire bwino popanda phula. Pophunzira ndimawapatsa saizi 1, wa masentimita 50 mpaka 52, ndipo kaponyedwe kawo kanasintha nthawi yomweyo, chifukwa chigongono chimakwera chokha ngati zala zaugwira mpira.

Khadi lina lili ndi lamulo lakale. Limati woyimbira akakweza dzanja kuchenjeza timu yomwe ikungotaya nthawi osafuna kugoletsa, yatsala ndi mwayi wopatsirana kasanu ndi kamodzi. Kuyambira mu 2022 bungwe la IHF, loyendetsa handball padziko lonse, linatsitsa kufika pa kanayi. Ndinawalembera ogulitsawo, anayankha mwaulemu tsiku lotsatira kuti akonza akamadzasindikizanso. Langa ndinangokonza ndi cholembera.

Gawo la goloboyi ndi lochepa kwambiri, ndipo limandidandaulitsa. Mu handball goloboyi wabwino amapulumutsa timu, koma makadi ake angonena za kaimidwe ndi kutambasula miyendo. Sanenapo kanthu za mantha, pomwe mwana aliyense woyamba kuima pagolo amatseka maso ndi kutembenuza nkhope mpira ukamabwera. Ine ndimayamba ndi mpira wofewa wa masanza, oponya ali patali, kenako n'kumawayandikiza pang'onopang'ono. Oponyawo ndimawakumbutsanso kuti malamulo a 2022 omwewo amatulutsa mphindi ziwiri munthu amene wamenya goloboyi kumutu pomwe ankaponya popanda womutchinga.

Mavidiyo ndi omveka, Chingerezi chake n'chosavuta, ndipo amabwereza pang'onopang'ono pamalo povuta. Koma sungawasunge mu foni, uyenera kuonera pa intaneti nthawi zonse, ndiye bando imatha msanga. Ndimaonera kunyumba usiku, n'kulemba zofunika m'kope. Ndikanakondanso mukanakhala nkhope za kuno ku Africa. Atsikana anga ankaona ngati ndi masewera a azungu okhaokha mpaka nditawaonetsa timu ya amayi ya Angola, yomwe yatenga chikho cha Africa kambirimbiri, ndi ya abambo ya Egypt yomwe inafika mu semifainolo pa Olimpiki ya ku Tokyo. Kuyambira pamenepo amalimbirana kuti ndani akhale Angola tikamagawa matimu.

Amene mukuphunzitsa akuluakulu odziwa kale masewerawa, mukufuna njira zozama zogonjetsera matimu ena, m'bokosi ili mupezamo zochepa. Ndi la oyamba ndi apakatikati, makamaka a zaka 10 mpaka 16. Ndipo ngati ndalama yanu ikukwana chinthu chimodzi chokha, yambani mwagula mipira ya saizi 1, iwiri kapena itatu. Makadiwa mukhoza kusonkherana aphunzitsi a masukulu oyandikana n'kumabwerekana, popeza pa sabata simungagwiritse ntchito opitirira anayi kapena asanu.