Sabata ku Zanzibar: mayi amene anatikonzera ulendo anayamba ndi madzi a m'nyanja

Nditalembera kakampani kena ka ku Stone Town, tauni yakale ya ku Zanzibar, kuti katikonzere tchuthi cha masiku 7 pa Unguja, chilumba chachikulu cha Zanzibar, ndinkayembekezera kuti andiyankha ndi mitengo ya mahotela. Mayi amene amayendetsa kakampaniko sanatero. Anandifunsa kaye masiku enieni amene tifike, kenako ananditumizira pepala losonyeza nthawi imene madzi a m'nyanja adzadzaze ndi kuphwa sabata imeneyo. Pansi pake analemba kuti, "Mayi, tiyambire apa. Zogona tiona pambuyo." Amuna anga ataliona anadabwa, amvekere, "Kodi tikupita kokapuma kapena kokawedza?" Koma pepala limenelo ndi limene linagwira ulendo wathu wonse, ndipo ndi chifukwa chake ndakhala pansi kulemba izi.

Nkhani yake ili apa. Kum'mawa kwa chilumbachi, ku Paje ndi ku Jambiani, nyanja siikhala malo amodzi. Imadzaza kawiri n'kuphwa kawiri pa tsiku, ndipo tsiku lililonse nthawi yake imachedwerako ndi mphindi pafupifupi 50. Mwezi ukakhala wathunthu, kapena ukakhala kumdima, madzi amathawa patali zedi, n'kusiya mchenga woyera ndi timaiwe mpaka kumene maso alekezera. Munthu amene walipira chipinda choyang'ana kunyanja asakudziwa zimenezi amatuluka ndi chopukutira paphewa n'kupeza kuti posambira palibe. Kumpoto, ku Nungwi ndi ku Kendwa, gombe ndi lotsetsereka, madzi sapita patali, ndiye umasambira nthawi imene wafuna. Mayiwo anatigawira masiku motsatira zimenezi: kugona kawiri ku Stone Town, katatu ku Jambiani, kawiri ku Kendwa. Masiku a ku Jambiani anawaika pamene madzi ankaphwa cha m'ma 10 koloko m'mawa n'kudzaza madzulo dzuwa litapendeka.

Tisananyamuke anatichotsera minga ingapo m'njira. Anatiuza za inshuwalansi imene boma la Zanzibar linakhazikitsa pa 1 Okutobala 2024 kwa alendo ochokera kunja, yomwe inayamba pa madola 44 munthu mmodzi, ndipo anatilangiza kuti tiigule pa intaneti tisanafike. Anatikumbutsa kuti pasipoti ikhale pafupi, chifukwa ngakhale utakwera boti kuchokera ku Dar es Salaam, ulendo wa maola pafupifupi awiri, padoko amaionabe. Anatinso tisanyamule majumbo apulasitiki, poti Tanzania inawaletsa mu 2019, ndiponso kuti titape ndalama za shilingi zokwanira tikadali m'tauni. Za kavalidwe ananena mosapita m'mbali: anthu ambiri kumeneko ndi Asilamu, choncho m'tauni ndi m'midzi mapewa ndi mawondo zikhale zophimba, zovala zosambira zithere pagombe. Ndinayamikira kuti anandiuza ngati munthu wamkulu mnzake, osandinyengerera.

Ku Stone Town anatipatsa mnyamata wotiperekeza tsiku limodzi lokha. Anatidutsitsa m'tinjira topanikizika tija, anatisonyeza zitseko zosemasema, linga lakale la Old Fort, ndi nyumba yachifumu ya House of Wonders imene Sultan Barghash, mfumu ya Zanzibar, anamanga mu 1883, yomwe mbali yake ina inagwa mu Disembala 2020 ndipo sitinathe kulowamo. Koma pamene ndinaima n'kusowa chonena ndi ku tchalitchi cha Anglican cha Christ Church, chomangidwa pamalo amene panali msika wa akapolo womwe unatsekedwa mu 1873. Pafupi pake pali zipinda zapansi, zotsika denga moti munthu wamkulu sangaongoke bwino, timawindo take ting'onoting'ono ngati ming'alu. Mnyamatayo sanatithamangitse. Anafotokoza pang'ono, kenako anangokhala chete n'kutisiya. M'tchalitchimo muli mtanda waung'ono wosemedwa kuchokera ku mtengo wa ku Chitambo, ku Zambia, umene patsinde pake anakwirirapo mtima wa David Livingstone. Titatuluka sindinafune kuona china chilichonse tsiku limenelo, ndipo pandandanda panalibenso china. Madzulo tinangokhala ku Forodhani Gardens, kumwa madzi a nzimbe othira ndimu ndi jinja, tikuonerera anyamata akudumphira m'nyanja kuchokera pakhoma.

Tsopano za ku Jambiani, zimene mpaka lero ndimaziona ndikatsinzina. M'mawa wachiwiri madzi ataphwa, tinavala nsapato zamphira zimene mayi aja anaumirira kuti tigule, n'kuyamba kuyenda pamene usiku panali nyanja. Sitinapite patali ndinaona chifukwa chake: m'timaiwe monse munali tizilombo takuda taminga ngati kanungu, ukaponda wopanda nsapato tchuthi chathera pomwepo. Chapatsogolo tinapeza minda ya amayi olima ndere za m'nyanja, zimene kumeneko amati mwani. Amakhoma zikhomo mumchenga, n'kumanga zingwe m'mizere, ndipo pachingwepo amamangirira tizidutswa ta ndere kuti tikule. Pakatha milungu pafupifupi 6 amakolola, n'kuyanika, n'kugulitsa; zimakathera kumafakitale akunja kumene amazigwiritsa ntchito m'zakudya ndi m'mankhwala otsukira mano. Mayi wina wachikulire anali atakhala pansi m'madzimo, chitenje chake chonse chitanyowa, zala zikumanga timfundo mwachangu osayang'anako n'komwe. Ndinapereka moni, anayankha, n'kundipatsa kachidutswa kuti ndikagwire. Kanali kolimba, koterera, konunkhira mchere. Sindinajambule, chifukwa mayi a kakampani aja anali atatichenjeza kale kuti usaloze munthu ndi foni usanapemphe, ndiponso usalumphe zingwe za m'munda wa eni.

Anatiuzanso chizindikiro chobwerera: ukaona ngalawa zimene zinagona pamchenga zayamba kugwedezeka, tembenuka. Madzi akamabwera sachita phokoso. Tinayamba kubwerera ali m'zidendene, pofika kugombe anali m'mawondo. Cha m'ma 4 koloko malo omwe aja tinkasambirapo.

Si zonse zinayenda bwino, ndipo zolakwika zina ndikuziika pa kakampaniko. Tsiku lochoka m'tauni, anatitumizira uthenga wa dalaivala mmene unalili, wonena kuti afika "saa mbili". Ife tinawerenga kuti 2 koloko masana. Palibe anatiuza kuti m'Chiswahili maola amayamba kuwerengedwa dzuwa likatuluka, moti saa mbili ya m'mawa ndi 8 koloko. Bamboyo anafika ife titapita kumsika, anadikira mpaka kutopa, ndipo pofika kunkhalango ya Jozani, panjira yopita ku Jambiani, dzuwa linali litakwera kale. Apusi ofiira a m'nkhalangomo, amene sapezeka kwina kulikonse padziko kupatula ku Zanzibar, tinawaona ndithu, ali pamwamba pa mitu yathu akudya masamba, koma kamlatho ka matabwa kodutsa m'mitengo yomera m'madzi amchere tinakayenda mothamanga, thukuta lili kamukamu. Munthu amene anaganizira za nsapato zamphira sanayenera kuiwala chinthu chaching'ono ngati chimenechi.

China ndi ulendo wa kuchilumba cha Changuu, chimene ambiri amati Prison Island. Mbiri yake ndi yosangalatsa: ndende yake inamangidwa mu 1893 koma akaidi sanakhalemo, m'malo mwake ankasungirako anthu owaganizira matenda opatsirana, ndipo akamba akuluakulu a kumeneko anayamba ndi mphatso yochokera ku Seychelles mu 1919. Koma anatiika paboti la masana, nthawi imene alendo onse amafikira pamodzi. Akamba aja anali atazunguliridwa, aliyense akufuna chithunzi, ndipo mtima unandiwawa kuona zamoyo zokalamba chonchija zikusowa popumira. Kumunda wa zonunkhiritsa zakudya nako, ndinasangalala kununkhiza karafuu (cloves) wosakhwima ndi kukanda khungwa la sinamoni, koma sanatiuze kuti wokwera mtengo wa kokonati, woluka zipewa za masamba ndi wosenda zipatso, aliyense adzayembekezera kangachepe. Tinalibe ndalama zing'onozing'ono, ndipo tinachokako ndi manyazi.

Pamene tinatsutsana kwenikweni ndi mayi aja ndi pa masiku awiri omaliza. Ine ndinkafuna tipite kukachilumba ka Mnemba kukaona nsomba za m'matanthwe, chifukwa ndinkaona ngati tsiku lopanda pulogalamu ndi ndalama zotayika. Iwo anakana mwaulemu. Anati mu Julayi kumaomba mphepo ya kum'mwera imene amati kusi, boti laling'ono limagwedezeka, ndipo amuna anga ndinali nditanena kale kuti panyanja amachita nseru. Anasiya tsiku limodzi lathunthu lopanda kanthu. Tsiku limenelo tinayenda wapansi mpaka ku Nungwi madzi ataphwa, tinakhala pamthunzi kuonerera amisiri akukhoma ngalawa ndi nsompho, tinabwerera, tinasambira, tinagona masana. Amuna anga amati pa masiku onse 7, limeneli ndi limene anapumadi, ndipo ine sindiwatsutsa.

Ngati ndinu munthu wofuna kuona malo 15 m'sabata imodzi, mayi amenewa mukangana nawo. Ngati mukupita ndi ana kapena makolo achikulire, kapena ndi koyamba kufika pachilumba cha m'nyanja yamchere, ndalama imene amalipiritsa pokonza ulendo ndi yoyenera, bola muwapemphe kuti nthawi iliyonse ailembe m'manambala amene mumawadziwa. Titabwerako ndinawalembera madandaulo anga onse atatu. Anapepesa pa za dalaivala osadziikira kumbuyo, ndipo anavomereza kuti ku Changuu anayenera kutitumiza ndi boti loyamba la m'mawa. Ndinawauza kuti tikadzabweranso tidzachotsako Changuu n'kuwonjezera usiku umodzi ku Jambiani. Anayankha kuti ndiwatumizire masiku, aone kaye madzi.