Lifiti yonyamulika ya galimoto m'kagalaja kanga ku Chilomoni: ndemanga patatha miyezi 14

Ndaipatsa nyenyezi 4 mwa 5. Yachisanuyo ndaimana pa zifukwa zomwe ndifotokoze kutsogoloku, koma ndiyambe ndi chomwe chinandichititsa kuigula, chifukwa munthu amene sanagonepo chagada pansi pa galimoto sangamvetse kuti zitsulo ziwiri ndi pampu n'zotayirapo ndalama zochuluka chonchi.

Ine si makaniko wa ntchito. Mkati mwa sabata ndimakhala mu ofesi ku Limbe, koma Loweruka ndimakonza ndekha galimoto za pakhomo: Toyota Sienta yanga, Vitz ya mayi a kunyumba, ndi Mazda Demio ya achemwali anga akaibweretsa kuchokera ku Machinjiri. Lusoli ndinatengera kwa malemu bambo anga, ndipo kanyamulidwe ka galimoto ndinatengeranso konko: jeke ya botolo, kenako njerwa zootcha kapena chipika pansi pake. Namondwe Freddy atadutsa mu Malichi 2023, misewu ya m'makwalala kwathu kuno inasanduka zigwembe, ndipo mabushi, ma shock ndi ma ball joint anayamba kutha ngati sopo. Pafupifupi Loweruka lililonse ndinkapezeka kunsi kwa galimoto. Tsiku lina ndikumanga ekizosi ya Vitz ija, ndinangomva kuti "the!" pafupi ndi khutu langa. Njerwa imodzi inali itang'aluka. Galimoto inatsika pang'ono n'kukatsamira pa jeke, yomwe mwamwayi ndinali ndisanaichotse. Nditatuluka, miyendo ikunjenjemera, mayi a kunyumba anali ataima pakhomo ndi beseni la zochapa m'manja. Sanakalipe. Anangoti, "Abambo, ana awa mukufuna mundisiyire ndekha?"

Sabata yomweyo ndinagula ma stand anayi achitsulo. Ndinene pompano kuti kwa munthu amene amangosintha oyilo kawiri kapena katatu pa chaka, ma stand ndi jeke yabwino n'zokwanira, ndipo lifiti sakuifunikira. Koma njerwa ndi zipika musiye lero lomwe. Ine ma stand anandikwana pa chitetezo, koma osati pa ntchito. Kukweza galimoto mbali zonse zinayi kunkanditengera nthawi yaitali, kupopa uku, kuthamangira uko, ndipo malo a kunsi ankakhalabe ochepa moti chigongono chinkalephera kutembenuka ndi sipanala.

Lifitiyi si ija ya mizati iwiri imene mumaiona m'magalaja akuluakulu. Ndi mafelemu awiri achitsulo, aliyense wooneka ngati makwerero ogonekedwa pansi. Mumalowetsa mmodzi kumanja, wina kumanzere, pakati pa tayala lakutsogolo ndi lakumbuyo. Pa felemu aliyense pamachoka paipi ya oyilo yopita ku pampu, ndipo pampuyo ili ndi kachipangizo ka mabatani awiri, lokweza ndi lotsitsa. Yanga imanyamula mpaka makilogalamu 2,268, omwe ndi mapaundi 5,000. Sienta, Vitz ndi Demio zonse sizifika ngakhale 1,500, choncho imazinyamula mosavutika. Ikagona pansi siifika masentimita 10, ndipo ikakwera imanyamula galimoto yonse, matayala onse anayi m'mwamba, pafupifupi masentimita 60. Simungaime kunsi kwake ayi. Mumagonabe chagada, koma tsopano mikono imatambasuka ndipo maso amaona chomwe manja akuchita.

Ndinaitanitsa ku Johannesburg, n'kubwera pa thiraki kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka pa chipata cha Mwanza, pomwe ndinalipira msonkho wa MRA. Powerengera, musaone mtengo wa m'sitolo wokha. Katunduyu ndi wolemera, onyamula amalipiritsa potengera kulemerako, ndipo chichokereni pomwe kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chogula ndi randi chimaluma. Zonse pamodzi zinandidyera malipiro a miyezi ingapo.

Pampu zake zilipo za mitundu iwiri, ya magetsi a m'nyumba ndi ya 12V yolumikiza ku batire ya galimoto. Ndinasankha ya batire, ndipo pa zonse zomwe ndinaganiza pogula, ichi ndi chimene ndinalasa. Chifukwa chake n'chakuti galimoto ikakhala pa loko, chitsulo chomwe chimagwira felemu kuti asatsike, kuti muitsitse muyenera kuyamba mwaikweza pang'ono kuti lokoyo amasuke. Ndiye taganizani magetsi athima galimoto ili m'mwamba, mawa lake ndi Lolemba, ana akuyenera kupita kusukulu. Ine zandichitikirapo kangapo kuti magetsi athima ndili pakati pa ntchito, koma ndinamaliza n'kutsitsa galimoto popanda vuto. Pampuyi imakoka moto wambiri, choncho ndinaisungira batire yakeyake yomwe ndimaitchaja mkati mwa sabata. Amene mungakonde ya magetsi a m'nyumba, onetsetsani kuti ndi ya 220 mpaka 240V, chifukwa kuno timagwiritsa ntchito 230V. Za ku America zambiri ndi za 110V. Yochokera ku South Africa nayonso imabwera ndi pulagi ya mano ozungulira yomwe siilowa m'masoketi athu.

Tsopano nkhani ya pansi, yomwe ndi imene ogulitsa saikamba mokweza. Kagalaja kanga ndi ka mamita 3 m'lifupi ndi 6 m'litali, ndipo monga nyumba zambiri za ku Chilomoni, kanamangidwa pamalo otsetsereka. Ndi maso pansi pankaoneka bwinobwino. Nditaika levulo ndinapeza kuti mbali ya kukhomo ndi yotsika, ndipo nditagogoda ndi hamala pakona ina panamveka kuti "phophopho", kusonyeza kuti ndi kasimenti kopyapyala kongopaka pamwamba pa zidutswa za njerwa. Buku la lifitiyi limanena poyera kuti pansi pakhale polimba ndi pofanana. Kulemera konse kwa galimoto kumagwera pa mafelemu awiriwo, ndiye mbali imodzi ikangodibwika, galimoto yonse imapendekeka inu muli kunsi. Ndinaitana mmisiri, tinagumula pansi ponse n'kuthira konkire ya masentimita 10, ya miyala ya kwale ndi waya mkati. Mmisiriyo, bambo wachikulire wa ku Chirimba, anandiuza kuti, "Achimwene, muzithirira madzi m'mawa ndi madzulo, ndipo galimoto isalowe muno mpaka masiku 28 atakwana. Mukafulumira mudzandiitananso." Ndinamvera. Lifiti inakhala mwezi wathunthu m'makatoni ake pakhonde, ine ndikungoiyang'ana. Amene muli m'nyumba ya lendi, kapena mumakonzera galimoto pa dothi pansi pa mtengo wa mango, chipangizochi si chanu mpaka mutapeza konkire yeniyeni.

Kuimanga koyamba kunanditengera masana onse. Pampu imabwera yopanda oyilo, ndipo imafuna ATF, uja wa giyabokosi ya otomatiki, malita awiri ndi pang'ono. Pa felemu aliyense palinso kasilinda ka mpweya kothandiza kuti itsike bwino, komwe mumapopa ndi pampu ya njinga mpaka pakati pa 40 ndi 50 psi. Chomwe chinandiopsa ndi kukweza koyamba: mbali ya kumanja inanyamuka msanga, ya kumanzere ikutsalira. Ndinasiya batani nthawi yomweyo. Unali mpweya wotsalira m'mapaipi. Nditautulutsa potsatira buku, n'kukweza ndi kutsitsa kangapo pang'onopang'ono, mafelemu anayamba kuyendera limodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo tsiku loyambalo musaliike pa tsiku lomwe muli ndi ulendo.

Pali zinthu ziwiri zomwe kagalaja kakang'ono kamakuphunzitsani msanga. Choyamba, galimoto siikwera molunjika. Mafelemu akamadzuka amaisuntha pang'ono cha kutsogolo kapena cha kumbuyo, kutengera momwe mwawagonekera, ndiye siyani mpata pakati pa bampala ndi khoma. Ine ndinajambula mizere ya penti pansi kuti ndizidziwa poimika galimoto iliyonse. Chachiwiri ndi denga. Sienta ndi yaitali pafupifupi mamita 1.7, mukaonjeza masentimita 60 mwafika pa 2.3. Mitengo ya denga langa ili pa 2.4. Imakwana, koma chitseko chakumbuyo chiyenera kukhala chotseka, ndipo babu lomwe linkalendewera pakati ndinalisamutsira kukhoma. Yezani musanagule.

Pomwe ndimachedwa dala ndi poika zidutswa za labala zomwe zimakhala pakati pa felemu ndi galimoto. Pansi pa zitseko za galimoto zing'onozing'onozi pali msoko wa chitsulo, ndipo pa msokowo pali malo anayi olimba omwe amasonyezedwa ndi timipata ting'onoting'ono. Labala ayenera kugunda pomwepo. Galimoto zathu zambiri ndi zogwiritsidwapo kale ntchito ku Japan, ndipo zikafika kuno zimadutsa m'manja mwa okonza matayala a m'mbali mwa msewu amene amaika jeke paliponse. Pa Demio ya achemwali msokowo ndinaupeza utapindika mbali ziwiri, moti ndinayamba ndauwongola. Ndimagwada ndi tochi, kuyang'ana malo onse anayi, kukweza mpaka labala atangokhudza, kuima, kuyang'ananso, kenako n'kupitiriza. Ikafika pamwamba ndimaitsitsira pa loko mpaka nditamva kuti "kho!" mbali zonse ziwiri, ndikatero ndimaigwedeza mwamphamvu ndi manja awiri. Siisuntha ngakhale pang'ono. Oyilo wa m'mapaipi si woti mumudalire ndi moyo wanu. Chomwe chimagwira galimoto ndi loko wachitsuloyo. Ndipo ngakhale zili choncho, ndikamalowa kunsi ndimaikabe ma stand awiri pamalo olimba. Mnyamata wanga wa Fomu 3 amene amandipatsira masipanala amadziwa kuti kachipangizo ka mabatani sakakhudza ine ndili kunsi.

Ntchito yomwe ndagwira nayo ndi yambiri: kusintha oyilo ndi fyuluta, ma brake pad a galimoto zonse zitatu, CV joint (mfundo ya chitsulo chozungulitsa tayala lakutsogolo) ya Vitz, mabushi a Sienta, ndi kuyang'ana kunsi konse ndisanapite kukayezetsa COF. Ubwino wake waukulu ndi wakuti matayala onse anayi amakhala m'mwamba nthawi imodzi. Kusinthanitsa matayala, komwe kale kunkandithera m'mawa wonse, tsopano ndimamaliza tiyi asanazizire. Ndinaonanso msanga kuti labala wa CV joint wang'ambika ndipo girisi wamwazikira mkati mwa tayala, chinthu chomwe pa jeke ya botolo ndikanachizindikira galimoto itayamba kale kulira pokhota.

Nyenyezi ija ndaichotsa pa zinthu zitatu. Amaitcha yonyamulika, koma felemu aliyense ndi wolemera kuposa makilogalamu 30, ndipo ngakhale ali ndi timatayala mbali imodzi, kumukoka pakati pa galimoto ndi khoma m'malo opanikizika kumapweteka msana. Ndinakhoma zokolowekera kukhoma kuti asamadye malo, koma kuwakweza pamenepo ndimafuna wondithandiza. Chinanso, mafelemu amatseka m'mbali monse, ndiye kunsi mumalowera kutsogolo kapena kumbuyo basi, ndipo ntchito ya pakati pa galimoto imafuna kukwawa mtunda. Koma chomwe chinandiwawa kwenikweni ndi zolumikizira mapaipi. Patatha miyezi 5 chimodzi chinayamba kudontha, kadontho kofiira pa konkire yatsopano nthawi iliyonse ndikamasula. Ndinalembera omwe anandigulitsa, ndipo anatenga masabata atatu kuti ayankhe, n'kundiuza kuti kachitsuloko nditumizire ndekha wokakatenga. Munthu amene walipira ndalama zonsezi sayenera kuchitidwa choncho. Ndinakapeza thandizo kwa okonza mapaipi a hydraulic cha ku Ginnery Corner, amene anandipezera china chofanana nacho. Anandiuzanso kuti chomwe chimadya timalabala ta mkatimo ndi fumbi, ndipo fumbi la mu Okutobala kuno mukulidziwa. Chiyambire pamenepo ndimapukuta zolumikizirazo ndi kansanza koyera ndisanalumikize, ndipo ndikamaliza ndimazivundikira ndi timapulasitiki n'kumanga ndi labala. Sizinadonthenso.

Mwezi wathawu alamu anga anabwera ndi Toyota Hilux yawo ya double cab kuti tisinthe mabuleki. Ndinawakanira. Anati, "Alamu, si mwanena nokha kuti imanyamula matani awiri ndi kuposa?" Ndinawayankha kuti galimoto yawoyo payokha ili kale cha m'matani awiri, kumbuyo kuli kanope ndi zitsulo za kuntchito, komanso imanyamulidwira pa chesisi, yomwe imafuna zokwezera zina zimene ine ndilibe. Sanasangalale, koma tinaigwira ntchitoyo panja, pa jeke yaikulu ndi ma stand, tayala limodzi panthawi. Amene muli ndi pikapu kapena galimoto zikuluzikulu, funani lifiti ya makilogalamu 3,000 kupita m'tsogolo, ndipo muyeze kaye kutalikirana kwa malo onyamulira pa galimoto yanu kuti muone ngati felemu akufikapo.

Mukamaitanitsa, uzani ogulitsa aikiremo zolumikizira ziwiri zapadera ndi zidutswa za labala zoonjezera m'katoni momwemo, chifukwa kudzazituma pazokha kuchokera ku Johannesburg kumadula kuposa mtengo wake. Zanga za labala ziwiri zayamba kung'ambika pomwe msoko umadinda, ndipo ndatuma kale zina kwa mnzanga woyendetsa thiraki amene akubwera kumapeto a mwezi uno.