SV650 yanga patatha miyezi ndikuikonza ndekha pakhomo

Pamene ndinalemba koyamba za njinga yanga yamoto, Suzuki SV650 ya 2017, ndinali nditangoigula kwa munthu wina, ndipo ndinati ndikufuna kuona ngati njinga ya msinkhu umenewu munthu angaisamalire yekha osathamangira ku galaja pa kanthu kalikonse. Papita miyezi yambiri, yayenda padzuwa ndi pamvula, ndipo ndinganene kuti n'zotheka ndithu, bola mukhale ndi buku la kakonzedwe kake, masipanala olimba ndi torque wrench (sipanala yoyeza mphamvu yomangira mabawuti). Chomwe ndaona n'chakuti injini siimadya ndalama kapena nthawi. Zimene zasintha kayendedwe ka njingayi ndi foloko, mabuleki ndi tcheni.

Za injini ndilibe zambiri. Ndi V-twin (ya masilinda awiri okhala ngati chilembo cha V) ya 645cc, ya banja lomwe linayamba mu 1999, ndipo imangofuna oyilo woyenera. Ndimathira 10W-40 wolembedwa JASO MA2, chizindikiro cha oyilo woyenera njinga zamoto, ndipo fyuluta ndimasinthira limodzi. Oyilo wa galimoto musamuyese. Kilachi ya njingayi imasambira mu oyilo yemweyo wa injini, ndipo oyilo wambiri wa galimoto amakhala ndi mankhwala oterera amene amachititsa kuti kilachi izitsetsereka mukakoka moto. Mapulagi alipo anayi, awiri pa silinda iliyonse. Kuti mufike bwino pa silinda yakutsogolo muyenera kumasula rediyeta ndi kuikankhira kutsogolo pang'ono, ndipo pamenepo ikani katoni kuti sipanala isapinde tizitsulo take topyapyala.

Mwini wake woyamba anali ataika paipi ya utsi yaphokoso, koma tcheni anaisiya youma, yadzimbiri, malo ena yothina malo ena yolendewera. Paipi ndinaichotsa n'kubwezera yomwe inabwera ndi njinga, ndipo sindinamve kuti mphamvu yachepa. Tcheni ndinasintha pamodzi ndi masipuloketi onse awiri, chifukwa tcheni yatsopano pa mano akutha siichedwa kutha nayonso. Kulendewera kwake kuyenera kukhala pakati pa 20 ndi 30 mm, ndipo muyeze pamalo pamene tcheni yathina kwambiri, mutazunguza tayala mpaka mwapapeza. Ambiri amakoka tcheni mpaka ili gwa poganiza kuti ndiye chitetezo, osadziwa kuti shoko ikabwanyika tcheni imathina kuposa pamenepo, ndipo amene amavutika ndi mabering'i a shafti yotuluka mu giyabokosi. Potsuka ndimagwiritsa ntchito parafini ndi burashi yofewa. Petulo ndi madzi opopera mwamphamvu zimawononga timphira tomwe timasunga girisi m'kati mwa tcheni. Kuyambira pomwe ndinaika yatsopano, ndaikokako pang'ono chabe, ndipo magiya akulowa bwino kusiyana ndi kale.

Ntchito yomwe ndikufuna kukhalitsapo ndi ya foloko. Foloko ya njingayi ndi ya 41 mm, ya mtundu wosavuta wa damper rod, momwe oyilo amangodutsa m'timabowo ta kukula kosasintha. Mapangidwe amenewa ali ndi khalidwe lake. Mukagwira buleki, oyilo amayenda pang'onopang'ono, timabowoto timakhala takulu kwa iye, ndiye kutsogolo kumamira. Mukagunda dzenje mothamanga, oyilo amafuna kudutsa nthawi imodzi, timabowo tomweto timamuchepera, ndiye kugundako kumafika m'manja. Anthu ena amangothira oyilo wokhuthala. Kumirako kumachepadi, koma pa maenje njinga imauma kwambiri. Ine ndine wathupi, ndipo nthawi zina ndimanyamula munthu kumbuyo, choncho ndinagula masipuling'i ogwirizana ndi kulemera kwanga ndi ma emulator, timavavu tomwe timakhala pamwamba pa damper rod n'kumatseguka molingana ndi mphamvu ya kugundako. Kuti tigwire ntchito muyenera kukulitsa mabowo a damper rod ndi dirilo, kenako kuchotsa tizitsulo tonse totsalira. Kachidutswa kamodzi kotsala m'katimo kangakande chubu ndi kung'amba siili. Muyezo wa oyilo mbali zonse ziwiri ukhale wofanana, muyeze sipuling'i mutachotsa, foloko itabwanyika mpaka pansi.

Patatha miyezi yonseyi, palibe china chimene ndinagula choposa ichi. Pokhota, tayala lakutsogolo limandiuza chimene likuponda. Pogwira buleki mwadzidzidzi njinga siigwadanso, ndipo masiili mpaka lero ndi ouma.

Mabuleki akutsogolo a chaka chimenechi ndi a mapisitoni awiri pa kalipa iliyonse, ndipo Suzuki inadzaika a mapisitoni anayi kuyambira mu 2019. Sindinaone chifukwa chosinthira makalipa. Ndinawamasula, kutsuka mapisitoni, kupaka girisi pa mapini omwe kalipa imatsetserekapo, kuika mapadi a sintered (opangidwa ndi ufa wa zitsulo) ndi mafuta a buleki atsopano a DOT 4. Mafuta akalewo anali atada. Mafuta amenewa amamwa chinyezi cha mumpweya, ndipo akamwa amawira msanga, n'chifukwa chake ayenera kusinthidwa pa zaka ziwiri zilizonse ngakhale njinga itangokhala. Mapaipi a buleki olukidwa ndi chitsulo ndinaikanso. Chogwirira buleki chalimbako, koma kunena zoona, phindu lalikulu linachokera ku kutsuka ndi mafuta atsopano aja. Mapadi a sintered amagwira bwino pamvula, ngakhale amadya disiki mofulumirirapo, choncho ndimayeza kunenepa kwa disiki nthawi ndi nthawi.

Mavavu amayezedwa pa makilomita 24,000 alionse, injini itazizira kwathunthu. Mpata wake ndi 0.10 mpaka 0.20 mm kolowera mpweya, ndi 0.20 mpaka 0.30 mm kotulukira utsi. Kuyeza ndinayeza ndekha, ndipo onse anali m'malire, imodzi yokha ya utsi inali pafupi ndi malire apansi. Chonde musadumphe ntchito imeneyi poti injini ikulira bwino. Vavu yothina siichita phokoso, imangolephera kukhala bwino pampando wake kuti itaye kutentha, ndipo mapeto ake imapsa. Ikadzafika posintha mashimu, tizitsulo tomwe timakonza mpata wa vavu, ndidzapita kwa makaniko wodziwa injini za mtundu uwu, chifukwa pamenepo makamshafti amachoka, ndipo pa V-twin kulakwitsa taimingi ndi dzino limodzi n'kosavuta.

Chatsala ndi shoko yakumbuyo. Foloko itakhala bwino, ndi pamene kufooka kwake kunaonekera: ndikanyamula munthu, kumbuyo kumanjanja kawiri tikadutsa pa bampu, ngakhale nditakweza preload, ndiko kuti kupanikiza sipuling'i yake. Imeneyi siipangidwa kuti izimasulidwa n'kukonzedwa pakhomo, choncho ndikusunga ndalama ya shoko yokhala ndi chosinthira rebound (liwiro lomwe shoko imabwerera ikabwanyika) komanso sipuling'i ya kulemera kwanga, ndipo tsiku loika ndidzamasulanso linkage yonse, zitsulo zolumikiza shoko kumunsi, kuti mabering'i ake alandire girisi.